Sajeni Atavula Yunifolomu

Anthu amamutchabe Sajeni. M'khoti, kalaliki akamaitana mlandu amatchula dzina lake lenileni, koma akangotulukira pakhonde, aliyense, kuyambira apolisi operekeza akaidi mpaka amayi osesa, amati, "A Sajeni, mwaswera bwanji?" Iye amayankha bwinobwino. Zowakonza anasiya kalekale.

Analowa upolisi atangomaliza sekondale. Bambo ake ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ndipo pakhomo panalibe woti n'kumupititsa patsogolo ndi sukulu. Upolisi sanaulote, inali ntchito imene inapezeka. Anayamba ndi kuimitsa magalimoto pamsewu, kenako anamuika pakauntala pamene anthu amafikira ndi madandaulo, ndipo potsiriza anamutumiza ku nthambi yofufuza milandu. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mnzake wina wamtali, wamawu aakulu, woseka ndi thupi lonse. Ubwenziwo unafika mpaka kunyumba, ndipo Sajeni anakwatira mlongo wake wa mnzakeyo, mphunzitsi wa ana aang'ono. Mnzakeyo anakwera msanga nakhala Inspekitala. Sajeni anaima pa usajeni pomwepo.

"Alamu, mlongo wanga ndinakupatsani. Musayambenso kusirira nyota zangazi," ankatero Inspekitala akusisita phewa lake.

"Nyotazo sungani. Zimene munandipatsa zikundikwanira, mwinanso kupitirira," ankayankha Sajeni, mkazi wake akumva.

Ntchito yofufuza milandu inkamufikitsa kukhoti kawirikawiri ngati mboni, ndipo kumeneko ndiko anaonera maloya pafupi. Ena ankamufunsa mafunso mpaka malaya kumamatira kumsana, mlandu umene anauvutikira miyezi n'kugwa iye akuona. Anzake ankatuluka m'khoti akutukwana. Iye ankatuluka akuganiza kuti kodi funso lija analipeza bwanji munthu uja. Maganizo amenewa atamukulira, anakalembetsa maphunziro a zamalamulo, a anthu apantchito, ophunzira Loweruka ndi Lamlungu. Inspekitala ndiye ankagawa ntchito pa siteshoni, ndipo ankaonetsetsa kuti masiku a sukulu mlamu wake akhale womasuka. Pena ankalowa yekha m'malo mwake. Maphunzirowo anatenga nthawi. Mwana amene ankakwawa pamene bambo ake ankayamba, anali akupita yekha kusukulu pamene ankamaliza. Phunziro la malamulo a malo analibwereza. Digiri anailandira imvi zitayamba kale m'mbali mwa mutu.

Lamulo linkafuna kuti munthu akamaliza, ayambe wagwira ntchito pansi pa loya wodziwa asanaloledwe kuima yekha pamaso pa woweruza. Sajeni anatula pansi upolisi, anagula suti yakuda ndi nsapato zosongoka zimene zinkamuluma, n'kuyamba kuyenda m'maofesi a maloya.

Maofesi akuluakulu anali m'nyumba zosanjikizana za pakati pa tawuni. Munkazizira ngati m'firiji, pansi pali kapeti yomeza phokoso la nsapato, patebulo lagalasi pali magazini amene palibe ankawatsegula. Tsiku la intavyu ankakhala pampando pakati pa anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ana a mchimwene wake, onse ali ndi mafoni m'manja, akunong'onezana mayina a maloya otchuka. Pa ofesi ina mtsikana wolandira alendo anamuuza mwaulemu kuti makolo azidikira panja. Pa ina anamufunsa ngati wabwera ndi mlandu. Akamuitana kulowa, ankaima njo manja ali m'mbali mpaka atauzidwa kukhala, ndipo funso lililonse ankaliyamba ndi "bwana," ngakhale wofunsayo ali mwana wa dzulodzulo.

"Bambo, kuno amene azikutumani ndi ana. Mudzapirira?" anafunsa loya wina akuseweretsa cholembera.

"Bwana, kumene ndachokera nyota siziyang'ana imvi. Ndatumidwa ndi ana kwa zaka zambiri."

Anaseka, anamuyamikira, anati amuimbira foni. Foni sinalire. Ofesi ina inamuimbiradi, ndipo anapita mtima uli m'malere. Mkulu wa pamenepo anamulandira ndi manja awiri, n'kumuuza kuti malo a ophunzira uloya adzadza, koma akufuna munthu wodalirika woyang'anira alonda ndi kufunafuna anthu othawa masamani. Malipiro ake anali abwino kuposa a wophunzira. Sajeni anapempha kuti akaganize. Anayenda wapansi mpaka kunyumba nsapato zikumuluma, ndipo anapeza mkazi wake akuchonga makope a ana patebulo.

"Ndiye mwati chiyani?" anafunsa mkaziyo osadzutsa mutu.

"Ndati ndikaganize."

"Loweruka lonse lija ndinkatsala ndekha ndi ana, mumakaphunzira kuyang'anira alonda?"

Nkhani inathera pomwepo. M'mawa mwake anaimba foni kukana.

Miyezi inapita. Ankaperekeza ana kusukulu, ankakonza zitseko zimene sizinawonongeke, ndipo anthu oyandikana nawo anayamba kunong'ona kuti mwina ku polisi anachita kumuchotsa. Tsiku lina kalaliki wa kukhoti amene ankadziwana naye anamuuza za loya wina wamkazi, amene onse ankangomutcha Madamu, kuti wophunzira wake wachoka.

Ofesi ya Madamu inali pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali. Masitepe ake anali opapatiza, onunkha penti, ndipo chitseko chinkafuna kuchikankha ndi bondo. M'kati munali zipinda ziwiri, mafayilo ali m'mashelefu, pamipando, ena pansi atamangidwa ndi zingwe. Madamu anali mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pakhosi. Anamuyang'ana kwa kanthawi asanamupatse mpando.

"Ndimakudziwani inu. Ndinakufunsanipo mafunso pa mlandu wa matayala."

"Ndikukumbuka, bwana. Mlanduwo unagwa."

"Unagwa, koma simunaname. Munangosokonezeka. Mumatha kulemba pakompyuta?"

"Ndi zala ziwiri."

"Ziwirizo zikwana. Koma ndikuuzireni lero lomwe. Ngati mukuganiza kuti ndikukulembani kuti muzikanong'onezana ndi anzanu aku polisi, masitepe ndi omwewo. Ndipo ine si bwana. Bwana munamusiya ku siteshoni."

Anayamba Lolemba. Anamupatsa tebulo la pafupi ndi zenera, loyang'anizana ndi la loya wina wachitsikana amene anali atangololedwa kumene. Mtsikanayu ndiye ankaona zolemba zake, ndipo ankazibweza zili psuu ndi inki yofiira. Vuto linali lakuti Sajeni chilichonse ankachilemba ngati lipoti la polisi. Kalata yopempha mwininyumba kuti akonze denga ankaiyamba ndi tsiku, nthawi ndi malo, ndipo mwininyumbayo ankamutcha woganiziridwa.

"Ankolo, munthuyu sitikumumanga. Tikungomupempha," ankatero mtsikanayo.

Sajeni ankalembanso. Mapangano a malonda ankamupweteketsa mutu, ndipo kompyuta inkamumezera ntchito ya tsiku lonse chifukwa choiwala kusunga. Ankaima pamzere ku ofesi ya khoti kudinditsa mapepala, ankanyamula chikwama cha Madamu, ankakhala kumbuyo kwake m'khoti akulemba zonse zimene mboni zanena. Chimene ankachitha popanda womuphunzitsa chinali kukhala ndi munthu wamantha mpaka atayamba kulankhula.

Ulendo woyamba kupita ku siteshoni yake yakale ngati wa kwa loya, anakapempha kuonana ndi mayi wina amene anamangidwa pa ndewu. Anazindikira kuti kauntala ija ndi yaitali munthu ukaima mbali ya kunja, imafika pachifuwa. Kuseri kwake kunali kositebulo amene iye mwini anamuphunzitsa kulemba sitetimenti. Mnyamatayo anadzidzimuka, dzanja linanyamuka lokha kuti lichite sawatcha, kenako analibweza n'kukanda khutu.

"Tadikirani pabenchipo, a Sajeni. Abwana atuluka."

Anadikira. Apolisi odutsa ankamupatsa moni akuseka. "Taonani, mphaka wayamba kuimira makoswe!" anakuwa wina. Inspekitala atabwera anaseka kuposa onse, anamulowetsa mu ofesi, anamuitanitsira tiyi, kenako anamuuza kuti belo ya mayiyo ikaonedwe kukhoti, osati pano. Sajeni anamwa tiyiyo n'kubwerera wopanda kanthu.

Nthawi yake yophunzira itatha, analumbira pamodzi ndi ana aja ankakhala nawo pa intavyu. Mkanjo wakuda anabwereka kwa Madamu, unali waufupi manja. Inspekitala anabwera atavala yunifolomu yachikondwerero, ndipo pa zithunzi zonse za tsikulo akuoneka ataima kumbuyo, dzanja lili paphewa la mlamu wake.

Kwa miyezi ingapo Madamu ankangomutuma kukapempha belo ndi kusuntha masiku a milandu. Kenako tsiku lina anaponya fayilo patebulo lake. Unali mlandu wa mnyamata wina wowotcherera zitsulo, amene ankamuganizira kuti analanda chikwama ndi foni kwa mayi wogulitsa nsalu, madzulo mayiyo akutseka sitolo. Katundu sanapezeke naye. Umboni wonse unali wakuti mayiyo anamuloza ku polisi pa perete, pamene woganiziridwa amamuimika pamzere ndi anthu ena kuti wodandaula amuloze. Sajeni atatsegula tsamba lomaliza anapeza kuti wofufuza mlanduwo ndi Inspekitala.

"Madamu, wofufuzayu ndi mlamu wanga."

"Ndikudziwa. M'tawuni ino mukamathawa aliyense amene munadya naye, mudzaimira ndani? Kamuuzeni mwini mlandu. Akakana, ndiutenga ndine."

Anapita kundende kukamuuza. Wowotchererayo, mnyamata wa zipsera za moto m'manja, nkhope inawala.

"Ndiye zayenda, bigi! Mukangokambirana kunyumba, nkhani yatha."

"Kunyumba sitikambako za iwe. Tikakumana m'khoti. Ukufunabe ndikuimire?"

Mnyamatayo anaganiza, n'kuvomera mokhumudwa. Sajeni anamuuza kuti afotokoze zonse za tsiku la perete, kuyambira pamene anamutulutsa m'chitolokosi. Mnyamatayo anati anamukhazika pabenchi ya m'khonde ali mu unyolo, akudikira kuti apeze anthu ena oti aime nawo pamzere. Anati panali mayi wina atakhala pampando pakhomo la ofesi, amene anamuyang'anitsitsa nthawi yonseyo. Atalowa pa perete, womuloza anali mayi yemweyo.

Sajeni khonde limenelo ankalidziwa. Siteshoniyo inali ndi khonde limodzi lokha, ndipo odandaula ndi omangidwa ankadikira momwemo, ena uku ena uko. Ngati mnyamatayo analandadi chikwamacho kapena ayi, Sajeni sankadziwa, ndipo mpaka lero sadziwa. Atamufunsa Madamu, Madamuyo anati limenelo si funso la loya.

Sajeni anamuuza mkazi wake za mlanduwo Lamlungu, iye akusita malaya. Mkaziyo anaimika simbi.

"Mwa maloya onse a m'tawuni muno?"

"Ndi ntchito."

"Ntchito ndi ntchito, koma achimwene musakawachititse manyazi pagulu. Mukudziwa mmene alili."

Tsiku la mlandu khoti linali lodzadza pang'ono, ndipo kumbuyo kunakhala apolisi angapo amene analibe chochita kumeneko. Madamu anakhala pambali pa Sajeni, manja atapinda. Mayi wa nsalu anapereka umboni wake mokwiya, ndipo atafunsidwa anavomera kuti kunali kutayamba kuda, komanso kuti ku polisi anadikira pakhomo la ofesi ya wofufuza. Kenako analowa Inspekitala. Analumbira ndi mawu ake aakulu aja, anafotokoza za perete mwadongosolo, ndipo woimira boma atakhala pansi, anatembenuka kuyang'ana mlamu wake akumwetulira pang'ono.

Sajeni anaimirira. 

"Inspekitala, perete asanayambe, woimbidwa mlandu anali kuti?"

"Anali m'manja mwa apolisi."

"Malo ake enieni?"

"Pabenchi ya m'khonde."

"Ali mu unyolo?"

"Womangidwa amakhala mu unyolo."

"Nanga wodandaula anali kuti?"

"Ankadikira ine."

"Pakhomo la ofesi yanu?"

"Eya."

"Munthu atakhala pakhomo la ofesi yanu, benchiyo amaiona?"

Kumwetulira kuja kunali kutachoka. "Mukudziwa nokha, a Sajeni."

Woweruza anadzutsa mutu. "Mboni iyankhe funso. Ndipo muno mulibe sajeni."

Anthu anaseka. Inspekitala anayang'ana kudenga, kenako anati, "Amaiona."

"Panali winanso wa unyolo pabenchipo?"

"Panalibe."

Madamu anakoka pang'ono mkanjo wa Sajeni kuti akhale pansi. Koma iye magazi anali atatentha, ndipo kuseka kwa anthu kunamulowa m'mutu.

"Ndiye mukuvomereza, Inspekitala, kuti munthu wa zaka zonsezi pantchito, perete wamba anakukanikani?"

Woimira boma anadzambatuka kutsutsa. Woweruza anati funsolo ndi lachipongwe, lichotsedwe, ndipo loya aphunzire kusiya pamene wamaliza. Inspekitala anatsika, anawerama kwa woweruza, n'kutuluka osayang'ana kumbali.

Ali pamasitepe a ofesi, Madamu anaima n'kutembenuka. "Mafunso onse aja anali a mlandu. Lomaliza lija linali la ndani?"



Chigamulo chitatuluka, woweruza anati kuloza kwa mtundu umenewo sangakudalire, ndipo anamasula wowotchererayo. Mnyamatayo anakumbatirana ndi amayi ake n'kupita, sanabwerenso ku ofesi. Mayi wa nsalu ndiye anamudikira Sajeni pageti.

"Bambo, mwawina. Nanga chikwama changa anatenga ndani?"

"Sindikudziwa, mayi. Pepani."

"Pepani sagula foni," anatero mayiyo, n'kumapita.

Inspekitala anaitanidwa ndi akuluakulu ake kukafotokoza, ndipo nkhani ya funso lija inazungulira masiteshoni onse, aliyense akuwonjezera zake. Anasiya kubwera kwa mlongo wake. Sajeni anamuimbira foni, sanayankhe. Anapita kunyumba kwake, mkazi wa Inspekitala anatuluka n'kunena kuti abambo agona, pamene mawu awo ankamveka m'kati akukalipira wailesi. Mkazi wa Sajeni sanakalipe. Ankangopita yekha kwa achimwene ake ndi ana, ndipo akabwerako ankafotokoza za wina aliyense kupatula mwini nyumba. Chaka chinatha choncho, china n'kuyamba.

Chimene chinawakumanitsa ndi matenda a apongozi ake a Sajeni, mayi ake a Inspekitala. Anagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno, ndipo atatuluka m'chipatala ankafunika amuna awiri owanyamula kuchoka pabedi kupita pampando, ndi kuwakweza m'galimoto masiku okaonana ndi dokotala. Amuna apafupi anali awiri omwewo. Poyamba ankangolankhula zofunika. "Gwirani kumiyendo." "Pang'onopang'ono." "Tsegulani chitseko." Mayiwo, amene ululu sunawatseke pakamwa, tsiku lina ali m'malere pakati pa awiriwo anati, "Mukandigwetsa, wina andimange mnzake, winayo amuimire." Inspekitala anaseka mpaka anatsala pang'ono kuwagwetsadi. Kuchokera pamenepo anayambanso kucheza, za mpira, za ana, za mitengo ya zinthu. Za mlandu uja sanakambepo, ndipo Sajeni sanapepese ndi pakamwa. Ena amati anayenera kutero.

Sajeni sanakhale loya wotchuka. Milandu yake yambiri ndi ya ndewu, kuba, ngozi za pamsewu ndi belo. Ina amawina, yambiri imathera pokambirana. Loya wachitsikana uja anapita ku kampani yaikulu, ndipo akakumana kukhoti amamufunsabe ngati anaphunzira kusunga ntchito pakompyuta. Madamu mawondo atayamba kukana masitepe, anayamba kubwera masiku ochepa, ndipo zambiri za mu ofesi zinatsalira Sajeni. Galimoto anagula yakale, imene imalira ikafuna.

Chaka chatha Inspekitala anapuma pantchito. Mmawa wina anakwera masitepe aja akupumira m'mwamba, atavala malaya amaluwamaluwa, n'kudzigwetsa pampando wa alendo.

"Ndabwera kwa loya, osati kwa mlamu. Ndikufuna kulemba wilo."

Sajeni anatenga pepala. "Mukudwala?"

"Ndani wanena kuti ndikudwala? Ndikufuna ana anga asadzamenyane. Lembani. Nyumba kwa mayi awo. Munda kwa anyamata. Njinga yamoto ija kwa mtsikana, ndi yekhayo amene ali ndi nzeru."

"Njinga ija ilibe injini."

"Inu lembani. Injini adzaipeza."

Anakhala mpaka masana akukangana za malire a munda, amene Inspekitala ankawadziwa ndi mitengo, pamene pepala la boma linkanena zina. Pamapeto pake anagwirizana kuti Loweruka apite onse akaone, ndipo Inspekitala anati abwera ndi chingwe choyezera, mlamu wake abwere ndi mafuta a galimoto.